Tsiku limene sipanala ya amalume inasowa pogwira

Kwathu ku Mphunzi chinthu chilichonse chachikasu, cha mateyala aakulu, chokumba kapena kusalaza msewu timachitcha katapila. Dzinali tinalibwereka ku kampani ya ku America ya Caterpillar, monga momwe mankhwala onse otsukira mano anasandukira Colgate. Ndiye ndineneretu kuti katapila amene ndikufuna kukuuzaniyu sanali wa kampani imeneyo. Anabwera mu Okutobala wa 2022 kudzasalaza msewu wafumbi umene timatulutsira mbatatesi kupita ku tala wa M1. Anagwira ntchito masiku anayi. Tsiku lachisanu anayamba kuyenda ngati nanzikambe, kenako anaima pambali pa msewu, mpeni wake uli pansi. Anakhala pomwepo milungu itatu, mbuzi zikumausa pamthunzi pake.

Amalume anga, alongo awo a mayi, ndi makaniko wa zigayo wodziwika dera lonselo. Atamva, anatenga kathumba kawo ka masipanala n'kundiuza kuti, "Mphwanga, tiye tikaone." Tinapeza dalaivala wake, mnyamata wa msinkhu wanga, atakhala pa teyala akuseweretsa foni.

"Achimwene, chathyoka n'chiyani?" anafunsa amalume.

"Madala, palibe chathyoka. Yangoyatsa kanyali aka, basi mphamvu n'kutha."

Anailiza injini ija. Amalume anatchera khutu, n'kuzungulira kukayang'ana paipi ya utsi. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Moyo wawo wonse matenda a injini akhala akuwawerenga mu utsi: wakuda ndiye kuti dizilo wachuluka kapena mpweya ukuchepa, wabuluu ndiye kuti maringi atha ndipo ikutentha oyilo, woyera ndiye kuti dizilo sakupsa kapena mwalowa madzi. Apa panalibe utsi uliwonse. Kathumba kaja sanakamasule n'komwe. Pobwerera sanalankhule mpaka tinafika pakhomo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kuti zinayenda bwanji kuti munthu amene wakonza injini zaka pafupifupi 50 aime kutsogolo kwa injini ngati mlendo. Zimene ndapeza ndi mbiri, ndipo mbiri yake ndi yathu yomwe.

Tiyambire kutali pang'ono. Rudolf Diesel anaonetsa injini yake yoyamba yogwira bwino ntchito mu 1897 ku Augsburg, m'dziko la Germany. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1896, amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anali atatsegula Nkhoma, ndipo patangopita zaka zochepa anafika kuno ku Mphunzi, pansi pa phiri lathu la zithunzi zakale za pamiyala, lomwe lero lili m'gulu la malo a Chongoni amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Masiku amenewo katapila anali khasu, lole anali mutu wa mtengatenga, ndipo mzungu ankayenda pa machila atanyamulidwa ndi azigogo athu. Chigayo chinali mtondo ndi munsi. Mayi ankadzuka tambala woyamba kukonola chimanga, kuviika mphale, kusinja, kusefa, kuyanika. Aliyense amene amati zakale zinali bwino ayambe wafunsa msana wa agogo ake aakazi.

Injini amuna akwathu anakakumana nayo kunja. Amalume anakwera ndege ya Wenela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nthawi imene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Kumeneko anapatsidwa ntchito yonyamulira mzungu wokonza makina bokosi la zida. Lamulo la migodi lotchedwa Mines and Works Act, lomwe linayamba mu 1911, linkasungira azungu ntchito zaluso. Munthu wakuda ankaloledwa kunyamula sipanala, kuipukuta, kuipereka, koma osati kulandira pepala loti ndi mmisiri. Amalume amati mzungu wawo sanawaphunzitsepo chilichonse. Iwo ankangoima kumbuyo kwake atagwira nyali, maso ali pa manja. Luso lonse analiba ndi maso.

Ulendo wa ku Joni unaduka mwadzidzidzi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo anafera pomwepo. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu kuno, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Amalume anabwera ndi bulangeti, wayilesi, jekete lachikopa ndi masipanala asanu ndi limodzi. Mpaka lero saika dizilo mu injini asanamununkhize.

Atafika anapeza ntchito ikuwadikira: zigayo za dizilo zinali zikufalikira m'misika ndi m'mamishoni. Injini imene inkalamulira nthawi imeneyo inali Lister, yopangidwa m'tauni yaing'ono ya Dursley ku England. Kampaniyi inayamba kupanga injini za dizilo mu 1929, ndipo mtundu wake wotchuka wa CS unapangidwa mpaka 1987. Ku Rajkot, m'dziko la India, anaukopera n'kumapangabe kwa zaka zambiri pambuyo pake. Ya amalume inali ya masilinda awiri, yoliza ndi hendulo. Unkapukusa, thukuta kamukamu, wina n'kugwetsa kachitsulo kapamwamba, ndiye imvekere thu, thu, thu mpaka kuseri kwa phiri. Amayi akamva kulira kumeneko ankasenza madengu.

Injini imeneyi inalibe batire, inalibe waya, inalibe chobisa. Chilichonse chinkaoneka ndi maso n'kugwirika ndi dzanja. Gasiketi ikapsa, amalume ankadula ina pa katoni yolimba. Dizilo akakhala ndi zinyalala ankamusefa ndi nsalu. Nozo ikatseka ankaitsegula pa tebulo, pansi pa mtengo, ana titazungulira. Inkamwa dizilo aliyense osadandaula. Kenako kunabwera tiinjini ta ku China ta silinda imodzi, totchipa, tosachedwa kutha, komabe mchitidwe wake unali womwewo: pisitoni, maringi, pampu, nozo. Akatapila a boma a PVHO amene ankasalaza misewu ya m'maboma nawonso anali a banja lomwelo. Akafa panjira, makaniko wa chigayo ankatha kuthandizapo.

Koma pali mbali ina imene sitikonda kuikamba tikamayamikira Lister. M'nyumba ya chigayo makoma anali bii ndi mwaye. Amayi ankakhala pamzere maola awiri kapena atatu, ana ali kumbuyo, akupuma utsi womwewo. Amalume akamagona chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chakale. Fumbi la kumgodi ndi utsi wa kuchigayo anazisenza zonse. Mu Juni 2012 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Tinthu ta mwaye timene timatuluka mu injini ndi tating'ono moti timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Palinso mpweya wina wosaoneka, wotchedwa NOx, umene umapangika moto wa mu injini ukatentha kwambiri, ndipo umavutitsa anthu a mphumu. Ndiye amene anakhwimitsa malamulo a utsi sanali amisala ayi. Anali ndi chifukwa.

Ku America malamulo a utsi wa makina olemera ngati akatapila ndi mathirakitala anayamba kugwira ntchito mu 1996. Anapita nawakhwimitsa mpaka gawo lotchedwa Tier 4, lomwe linalowa pang'onopang'ono pakati pa 2008 ndi 2015 n'kulamula kuti mwaye ndi NOx zitsike ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse. Ku Ulaya anachita chimodzimodzi mpaka kufika pa Stage V mu 2019. Kukwaniritsa malamulowa sikunali kophweka ngakhale kwa eni luso. Mu Sepitembala 2015 kampani ya Volkswagen inavomera kuti inaika pulogalamu yachinyengo m'galimoto pafupifupi 11 miliyoni kuti zizioneka zoyera pa nthawi yoyesedwa pokha.

Tsono kuti injini ikhale yopanda utsi anaiwonjezera ziwalo. Ndiyesa kuzifotokoza monga momwe ndinawafotokozera amalume, pakhonde, tikumwa thobwa.

Choyamba, dizilo salowanso ndi pampu yakale ija. Amapanikizidwa mwamphamvu zedi mu paipi imodzi, ndipo kompyuta ndi imene imauza injekita iliyonse nthawi yotsegula, kangapo konse pa kuphulika kumodzi. Timipata ta mkati mwake n'tochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kadontho ka madzi kapena kafumbi kamene Lister ankameza osadziwa, apa kamapha injekita.

Chachiwiri chimatchedwa EGR. Chimabweza utsi wina mu injini kuti moto usatenthe mopitirira, potero NOx achepe. Vuto lake mwaye umamatirira m'njira zake mpaka valavu kuuma.

Chachitatu ndi sefa ya mwaye, DPF. Ili ngati chisa cha njuchi choumbidwa ndi dothi lowotcha. Imagwira mwaye, ndipo ikadzaza imayenera kudziyeretsa poutentha pa madigiri pafupifupi 600. Kuti zimenezi zitheke injini iyenera kugwira ntchito yolemetsa kwa nthawi. Katapila wongolira ataima, kudikira kapitawo kapena kudikira madzi othira pamsewu, safika pa kutentha kumeneko, ndiye sefa imangotsekeka.

Chachinayi ndi kathanki ka chivundikiro chabuluu komwe amathiramo AdBlue. Ameneyu ndi madzi oyeretsedwa kwambiri osakaniza ndi yureya, magawo 32.5 pa 100. Eya, yureya yemweyo wa dzina la feteleza wathu wobereketsa, koma woyengedwa mwapadera. Amapoperedwa mu utsi n'kusandutsa NOx kukhala mpweya wabwinobwino ndi nthunzi. Wina akayesa nzeru zosungunula feteleza wa m'thumba, amaononga zida za ndalama zambiri.

Pamwamba pa zonsezi pali masensa, ngati alonda pa geti lililonse. Mmodzi akangoona kuti china sichili bwino, kapena iye mwini akafa, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini mwadala. Malamulo ndi amene amafuna zimenezi, kuti munthu asamayendetse makina osayeretsa utsi. Ndiye katapila wathu uja sanathyoke. Anangolamulidwa kuti aime.

Amalume atamva zonsezi anafunsa funso limodzi: "Nanga dizilo wake ndi yemweyu wathuyu?" Apo ndiye anakhudza pachilonda. Mu dizilo mumakhala sulufule, yemwe uja timamumva m'maulaliki oopseza. Injini zatsopanozi zinapangidwira dizilo wa sulufule wochepetsetsa: magawo 10 pa miliyoni ku Ulaya kuyambira 2009, magawo 15 ku America. Sulufule akachuluka amaononga zida zoyeretsera utsi, amadzaza sefa msanga, ndipo amasanduka asidi wodya zitsulo. Kuno ku Malawi tinkagwiritsa ntchito dizilo wa magawo 500 mpaka mu 2017, pamene ife, Mozambique ndi Zimbabwe tinatsikira pa 50. Ndi sitepe yabwino, koma akadali ochuluka kasanu kuposa a ku Ulaya. Maiko ena a mu Africa zinali zoipa kuposa apa: mu 2016 bungwe la ku Switzerland la Public Eye linatulutsa lipoti losonyeza kuti makampani ogulitsa mafuta ankasakaniza dala dizilo wa sulufule wochuluka n'kumamutumiza ku Africa, poti malamulo athu ankalola.

Ndipo ameneyo ndi dizilo wa pa filing'i siteshoni. Inu ndi ine tikudziwa dizilo wina. Tinamuona mu 2011 ndi 2012, tinamuonanso kuyambira 2022: mizere yogona panja, ma tanka ochokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam osafika chifukwa chosowa ndalama zakunja, anyamata a zigubu ali mbwee m'mbali mwa msewu. Dizilo wa m'chigubu amayenda ndi fumbi, madzi, nthawi zina palafini. Dalaivala uja anandiuza mosabisa kuti mlungu umenewo bwana wake anagula wa m'zigubu, poti kontirakiti inali ndi tsiku lomaliza ndipo pa pampu panalibe kanthu. Katapilayo anagulidwa wogwirapo kale ntchito ku Ulaya. Makampani akuluakulu amadziwa za vutoli, n'chifukwa chake amapanga makina a mitundu iwiri, ena a maiko a malamulo okhwima, ena osavuta a maiko ngati lathu. Koma kontirakitala wamng'ono wa ku Malawi sakwanitsa watsopano. Amagula kaunjika wa makina, ndipo kaunjikayo amabwera ndi malamulo a kwawo ali m'mimba.

Musaganize kuti kulira kumeneku n'kwa ife osauka tokha. Alimi a ku America, dizilo wabwino ali nayenso, akhala akulimbana ndi kampani ya John Deere kwa zaka zambiri chifukwa thirakitala imene anagula ndi ndalama zawo sangaikonze popanda pulogalamu ya kampaniyo. Pofika 2017 nyuzipepala zinkalemba za alimi ogula mapulogalamu obedwa ochokera ku Ukraine kuti atsegule mathirakitala awo omwe. Mu 2023 dera la Colorado linakhazikitsa lamulo lopatsa alimi ufulu wokonza okha makina awo, ndipo mu Januwale 2025 nthambi ya boma la America yoona za malonda, FTC, inasumira John Deere pa nkhani yomweyi. Ngati mlimi wa kumeneko akudandaula kudikira makaniko masiku awiri, nanga wa ku Mphunzi anene chiyani?

Njira yachidule ilipo, ndipo amene mumayenda m'magalaja a ku Biwi ku Lilongwe mukuidziwa. Amachotsa sefa ija, kutseka EGR, n'kunamiza kompyuta kuti zonse zili m'malo. Ku America ndi ku Ulaya umenewu ndi mlandu. Kuno ambiri amati ndi nzeru. Injini imadzukadi, imamwa dizilo aliyense, koma utsi umabwerera, ndipo amene amaupuma ndi dalaivala, anyamata a mafosholo ndi ana oima m'mbali mwa msewu kuonerera. Sindingamuweruze kontirakitala amene ali ndi ngongole ku banki. Komanso sindingaiwale kulira kwa chifuwa cha amalume.

Ndisanamizirenso kompyuta milandu yonse. Dziko lino linagulapo mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 ndi mbali ya ngongole ya madola 50 miliyoni yochokera ku India. Anali mathirakitala wamba, oti amalume akanawakonza atatsinzina. Lipoti la ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, linaulula mu 2016 kuti ena mwa iwo anagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono, ngongoleyo n'kutsalira tonsefe. Kutanthauza kuti makina amatha kufa ndi sensa, amathanso kufa ndi siginecha. Amene amagula makina a boma, a makhonsolo ndi a makampani akanamayamba afunsa mafunso atatu asanasayine: dizilo wake tili naye? AdBlue wake agulidwa kuti? Akaima pa Mphunzi, ndani amene angafike tsiku lomwelo n'kumudzutsa? Ndipo masukulu a ntchito zamanja ngati Lilongwe, Namitete ndi Salima, pamodzi ndi TEVETA, akufunika zida zowerengera injini zimenezi mofanana ndi momwe amafunira ma vaisi ndi masipanala.

Tibwerere kwa katapila wathu. Mlungu woyamba unatha akudikira katswiri wochokera ku Lilongwe. Atabwera anapeza sefa yatsekeka ndipo sensa imodzi yafa. Sensayo kunalibe m'dziko muno, anaitanitsa ku Johannesburg, ndipo ndalama zakunja zogulira zinatenga masiku ena. Pa ulendo wachiwiri amalume anapitanso, ulendo uno opanda kathumba. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mnyamata ameneyu kanali laputopu ndi chingwe. Dzuwa linkawala pa sikirini moti sankaona bwino, ndiye amalume anabwereka ambulera kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa n'kuima kumbuyo kwake, kumutchingira. Ndinawayang'ana ndipo ndinaona mnyamata wa ku mgodi uja, atagwira nyali, maso ali pa manja a munthu wina.

Katswiriyo anali waulemu. Ankawafotokozera chilichonse: "Bambo, nambala iyi ikutanthauza kuti sefa yadzaza. Apa ndikuiuza kuti idziwotche." Injini inakwera mawu, kutentha kunamveka patali, ndipo pasanathe ola kanyali kaja kanazima. Amalume anamuthokoza ndi manja awiri. Koma tili m'njira anandiuza mawu amene sindidzawaiwala.

"Mphwanga, mzungu wa kumgodi sankandiuza kanthu, koma manja ake ndinkawaona. Mwana uyu wandiuza zonse, koma manja ake sindinawaone. Ndiba chiyani pamenepa?"

Katapila anagwira ntchito masiku ochepa, mvula yoyamba n'kugwa. Msewu unasalazidwa theka. Theka linalo linakumbika ndi madzi, ndipo dzinja limenelo a malole ankakana kulowa kapena kutchula mtengo woti ukachotsera pa thumba la mbatatesi umatsala ndi ya mchere yokha. Mayi anga anagulitsa zawo kwa mavenda pakhomo, pa mtengo umene mavendawo anafuna. Palibe amene anawerengera milungu itatu ija mu ndalama, koma aliyense pamudzi anaimva m'thumba.

Chaka chatha mdzukulu wa amalume, mtsikana, anayamba kuphunzira za umakaniko ku sukulu ya ntchito zamanja. Tsiku lonyamuka anamupatsa masipanala asanu ndi limodzi a ku Joni aja, atawakulunga m'nsalu. Kenako anandiitanira kuseri n'kundifunsa monong'ona kuti chingwe chija cha pa laputopu chimagulidwa ndalama zingati, poti mwina angagulitse mbuzi ziwiri. Ndinafufuza pa foni pomwepo. Ndinawauza kuti chingwe chokha n'chotheka, koma pulogalamu ya kampani imene imalankhula ndi injiniyo imalipiridwa chaka ndi chaka, m'madola.

"Chaka ndi chaka? Ngati msonkho?"

"Ngati msonkho, amalume."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati ndisunge nambala ya mnyamata wa ku Lilongwe uja, kuti mdzukulu wawo akamaliza sukulu akamunyamulire chikwama. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, zigayo zamagetsi zonse zili zii, ndipo panja pa shedi panali patayamba kale mzere wa madengu. Anavula jekete, n'kundipatsa hendulo kuti ndipukuse ndine.